Mbewu ya Geertje

Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, pakati pa 9 koloko m'mawa ndi masana, botolo lagalasi lofiirira, la lita imodzi, linasowa m'chipinda chapansi cha nyumba ya a Douwe Tolsma ku Harlingen. Palibe china chinatengedwa. Wailesi yakanema inali pamalo pake, ndipo chitseko sichinathyoledwe.

Ine ndine Wietske Algra, wapolisi woyang'anira dera la kufupi ndi doko. Milandu yanga yambiri ndi ya njinga zosowa ndi agalu osokosa. Uwu ndinaulandira Lachitatu m'mawa, ndipo amene anaimba foni sanali a Tolsma koma mwana wawo wamkazi wa ku Groningen.

"Za botolo ine sindizidziwa bwino," anatero. "Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo agula paketi ya ndudu."

A Tolsma ali ndi zaka 72. Anagwira ntchito padoko moyo wawo wonse, akusuta mapaketi awiri patsiku, mpaka mu 2016 madokotala atawachotsa mbali ya phapo lakumanzere. Anawauza mosabisa kuti akabwerera ku ndudu, phapo lotsalalo silipirira. Anayesa ndudu yamagetsi, koma madzi onse a m'sitolo othira mu nduduyo ankawalavula. Ndiye mkazi wawo, Geertje, anakhala pansi n'kuyamba kusakaniza yekha m'khitchini, mpaka anapeza madzi amodzi amene mwamuna wake anawavomera: kasitadi, vanila ndi fodya wouma. Geertje anamwalira mu Seputembala 2021. Madziwo anapitirira.

Nditafika, ndinakoka chingwe cholendewera pa kabowo kolowetsera makalata ka pachitseko, chitseko n'kutseguka. Kale nyumba zonse za mumsewu umenewo zinali ndi chingwe chotero. Lero yatsala imodzi.

"Khala pansi, Wietske. Khofi?"

"Ndimwa. Koma chingwe chija, bambo Tolsma, ndakuuzani kangati?"

"Chingwe chimenecho n'chachikulu kwa iwe. Sichinalowetsepo wakuba."

"Dzulo chalowetsa."

"Dzulo chalowetsa mnzanga. Wakuba akanatenga wailesi."

Paketi ija inali patebulo, pafupi ndi shuga, pepala lake lonyezimira lisanang'ambidwe. M'khitchini munali kafungo ka kasitadi wophikidwa dzulo, kosakanikirana ndi ka fodya wakale. Ndinawafunsa chimene chinali m'botololo.

"Mbewu," iwo anatero. "Mvetsera. Madzi ongosakaniza kumene ali ngati anthu osadziwana amene awaika m'chipinda chimodzi. Vanila ali pakona yake, fodya pakona yake, nikotini akukukanda pammero. Uyenera kuwasiya mumdima milungu isanu ndi umodzi, n'kumagwedeza m'mawa uliwonse, kuti akhwime. Geertje anati milungu isanu ndi umodzi yachuluka kwa munthu amene manja akunjenjemera. Ndiye ankatenga gawo limodzi mwa magawo khumi kuchokera m'botolo lakale, n'kuthira m'latsopano. Akale amaphunzitsa atsopano. Masiku khumi okha, akhwima. Kenako umabwezera m'botolo lakale muja zimene unatapa, kuti lisathe. Chiyambire 2016 silinaumepo."

Pambuyo pake ndinamva kuti osakaniza ena amati zimenezi n'zikhulupiriro chabe. Ine sindingaweruze. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti munthu wa mapaketi awiri patsiku anatha zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi osayatsa ndudu, ndipo anamusunga ndi mayi amene analibe makina alionse, koma mdima, dzanja ndi kuleza mtima.

"Okhwima mwatsala nawo ochuluka bwanji?"

Anandionetsa kabotolo kangati chala chachikulu. "Afika Lachisanu. Ndikamatsitsa pang'onopang'ono."

"Nanga a m'sitolo?"

"Chibwerere lamulo loletsa madzi a mafungo okoma, m'sitolo mwatsala a fungo la fodya okhaokha. Amakoma ngati katoni yonyowa. Kusiyana ndi zimenezo, bola ndudu yeniyeni."

Ndinatsikira ndekha m'chipinda chapansi. Munali mozizira, mwamdima, mwaudongo. Pashelefu panali malo opanda kanthu, ndipo pambali pake mabotolo atatu amene a Tolsma anasakaniza Lamlungu, madzi ake oyera ngati mafuta ophikira, akudikira mbewu. Ndinanyamula limodzi kuti ndione pansi pake. Chivindikiro chinagwa n'kugubuduzika.

Ndinayang'ana enawo. Onse atatu anali otsegulidwa, zivindikiro zitangokhazikidwa pamwamba bwinobwino, mopendekera pang'ono kuti mpweya uzilowa.

Nditakwera ndinafunsa ngati ndikungocheza. "Mabotolo anu mumatseka kwambiri?"

"Mpaka dzanja liwawe. Geertje ankakumenya chala ukasiya botolo pululu. Bwanji?"

"Ndimangofunsa. Ndaiwala cholembera pansipo."

Ndinabwerera n'kukatseka onse atatu. Wakuba ameneyu anali ndi changu chotuluka m'nyumba ya eni, komabe anaima kaye kuti athandize mabotolo osakhala ake. Anthu odziwa shelefu imeneyo anali atatu, amene amakumana m'khitchini ya a Tolsma Lachinayi lililonse kulawana madzi: Baukje Zijlstra wa nyumba yoyandikana nayo, Ype Roorda wa m'sitima, ndi Sjoerd Bangma wokonza njinga. Ndinaganiza kuti ndisawafunse za zivindikiro. Ndingowapempha aliyense andionetse mmene amachitira.

*

Mayi Zijlstra anali atayamba kale kulankhula ndisanavule jasi.

"Lowa, lowa, mwanangu, usaponde mphaka. Ndimadziwa kuti ubwera. Ukuganiza kuti ndine? Nena, sindikwiya. Ine ndi Geertje tinakhala khoma limodzi zaka makumi atatu, botolo limenelo ndinalipempha kawiri, anandikaniza kawiri. Ndikanafuna kuba ndikanaba ali moyo kuti andione."

Pakauntala panali poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono. M'madzi mwake munali botolo loikidwa m'kajumbo kotseka.

"Madzi awa ndikukonzera a Douwe," anatero. "Ndawayamba dzulo nditangomva. Madzi asatenthe kuposa osambitsa khanda, iwe, ukapitirira pamenepo wapha nikotini. Ndimaviika, ndimachotsa, lizizire, ndigwedeze, ndiviikenso. Geertje ankati ndikuphika supu. Koma milungu isanu ndi umodzi ine ndimaifupikitsa kufika iwiri."

"Botolo lili chitsekere nthawi yonseyo?"

"Nanga ndine wamisala? Ukatsegula, vanila yense athawira kudenga, iwe n'kutsala ndi mafuta."

"Lachiwiri m'mawa munali kuti?"

"Muno, mutu uli m'sinki, ndikudaya tsitsi. A Douwe amapita kuchipatala Lachiwiri kukachita zolimbitsa mapapo, aliyense amadziwa. Cha m'ma 10 ndinamva chitseko chawo. Ndinasuzumira diso limodzi, ndinaona njinga pakhoma."

"Njinga yotani?"

"Ya mawilo awiri. Iwe, uno ndi Harlingen, aliyense ali ndi njinga."

"Ndi Lachisanu madzi anuwa akhala atakhwima?"

Apa anasiya kuseka. Anatulutsa botolo lija n'kuliyang'anitsa pawindo. Linali litangoyamba kuoneka chikasu.

"Ayi," anatero. "Ndipo ngakhale atakhwima, sakhala a Geertje. Pita kwa amuna awiri aja. Amuna sadziwa kudikira, mwanangu. Akanakhala kuti amabereka ndi iwo, bwenzi akufunafuna makina oti mwana abadwe miyezi itatu."

*

A Ype Roorda ndinawapeza padoko, sitima yopita ku chilumba cha Terschelling ikulowetsa magalimoto. Ndi munthu wazaka za m'ma 60, wamtali, amene wakhala m'chipinda cha injini nthawi yaitali moti mawu amawaona ngati mafuta osayenera kuwononga.

"Lachiwiri m'mawa?"

"Panyanja."

"Ndani angavomereze?"

"Anthu khumi ndi awiri. Ndi injini."

Ndinafunsa woyendetsa sitimayo, ndipo anavomera: ananyamuka m'mawa ali nawo, anabwerera masana atapendeka. A Roorda sakanakoka chingwe cha a Tolsma cha m'ma 10.

"Inu mumakhwimitsa bwanji madzi anu?"

Anaganiza kaye, kenako anakodola mutu kuti ndiwatsate. Pansi, kuseri kwa injini, panali chitini chomangidwa ndi waya pachitsulo. M'kati mwake munali mabotolo anayi, lililonse litavekedwa sokosi yaubweya. Ndinagwira chitinicho. Chinali chofunda ngati chikhatho cha munthu, ndipo chinkanjenjemera mosalekeza.

"Kutentha kulipo. Kugwedeza kulipo. Mdima ulipo," iwo anatero. "Ine sindichita kanthu. Nyanja imagwira ntchito."

Ndinasirira. Munthu anayang'ana injini imene amaisamala tsiku ndi tsiku, n'kuona kuti ikutaya chabe zinthu ziwiri zimene anzake amazifunafuna ndi mapoto.

"Mumawatsegula nthawi zina?"

"M'sitima? Funde limodzi, injini yonse inunkhe kasitadi."

Titakwera pamwamba, anatulutsa ndudu yawo yamagetsi m'thumba la ovolosi, n'kukoka kamodzi. Mphepo inabweretsa nthunziyo kumaso kwanga. Kasitadi wophikidwa dzulo, ndi fodya wakale. Fungo limenelo ndinali nditalisiya m'khitchini ya a Tolsma m'mawa womwewo.

"A Roorda, madzi amenewo ndi a ndani?"

Anayang'ana kachipangizoko, kenako anandiyang'ana ine. Belu la sitima linalira.

"Ndibwerera madzulo," anatero, n'kulowa.

*

Sjoerd Bangma ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Ankamaliza mayeso woyamba, n'kulakwa mafunso amene sanawawerenge mpaka kumapeto. Tsopano ali ndi malo okonzera njinga pafupi ndi mlatho, ndipo ndi katswiri weniweni: njinga yanga yapolisi palibe wina amaigwira.

"Bwana mkubwa! Mabuleki kapena maunyolo?"

"Ndabwera kudzaphunzira, aise. Akuti iwe ndiwe wachangu pa onse."

Nkhope yake inali yotopa, koma nyambo imeneyo sakanailambalala. Ananditengera kuseri, kumene kuli beseni lachitsulo lamagetsi lotsukira matcheni. Ukaliyatsa, madzi ake amanjenjemera mwamphamvu moti dothi limadzichokera lokha pachitsulo.

"A Baukje akuphika supu, a Ype akudikira nyanja, a Douwe akudikira Yesu," anatero. "Ine ndimaika botolo umu. Kunjenjemera kumeneku kumasakaniza madzi mpaka m'kati mwenimweni. Mphindi zochepa, ndizimitse, ndisinthe madzi chifukwa amatentha, ndiyatsenso. Milungu isanu ndi umodzi ndimaipinda n'kuiika m'thumba, masana amodzi basi."

"Basi?"

"Ayi, chinsinsi chili pakupuma. Madzi atsopano amakhala ndi kaukali kangati ka kachasu. Uyenera kutsegula, chivindikiro n'kuchikhazika chopendekera, kaukali kaja katuluke. Anthu akalewa sakhulupirira. Botolo latsopano lotsekeka ndi mkaidi, sisi. Ine ndikaliona, zala zimachita kundiyabwa."

"Dzulo cha m'ma 10 zinakuyabwa katatu."

Sjoerd anayang'ana zala zake.

"Ndinawatsegula?" anafunsa motsitsa. "Wietske, sindikukumbuka n'komwe."

"Onse atatu. Unawakhazika bwino kwambiri. Botolo lili kuti?"

Anakhala pampando wa makasitomala, n'kupukuta manja oyera kale ndi kansalu.

"Sindinabe, aise. Ndinabwereka. Madala aja akukalamba, manja akunjenjemera, tsiku lina adzaligwetsa. Ndinati nditenge mbewu, ndithire m'malita asanu, ndiwathamangitse m'makinamu, mbewu ndibweze asanabwere kuchipatala. Lachinayi ndiwaikire patebulo madzi a chaka chathunthu, aone kuti makina si mdani."

"Bwanji sunapemphe?"

"Kupempha a Douwe botolo la Geertje? Bola kuwapempha impso."

"Ndiye?"

"Chipinda chawo chapansi n'chozizira. Madzi anali atalimba ngati uchi, osathirika. Ndinati ndiwafunditse pang'ono m'beseni. Ndinatsegula botolo, ndinayatsa. Kenako panalowa mayi wina, njinga yonyamulira ana itathyoka ekiselo, ana awiri akulira. Ndinathamangira kumeneko."

"Makinawa sazima okha?"

"Ankazima. Ndinadula kawaya kake chaka chatha. Ankandichedwetsa pa matcheni."

Anatsegula kabati n'kutulutsa botolo lofiirira lija. Madzi ake anali akuda ngati oyilo wotha ntchito. Ndinanunkhiza. Tsabola ndi shuga wopserera.

"Maola awiri," anatero. "Madzi a m'beseni sunkatha kuikamo chala. Ndinayesa kuthira kadontho m'madzi atsopano, kanawononga onse. Yafa, Wietske. Ndapha mbewu ya Geertje. Undimange."

"Zomanga adzanena ndi a Tolsma. Koma ukawauza ndiwe, lero, ndi pakamwa pako. Usatume foni."

Mlandu wakuba unathera pamenepo. Koma Lachisanu linali likubwerabe.

*

Sitima itakocheza madzulo, a Roorda anatsika omalizira, atanyamula chinthu chovekedwa sokosi.

"Ndi Sjoerd," ndinawauza. "Waiwotcha m'makina ake. Palibe chotsala."

Sanadabwe. Anavula sokosi ija. Linali botolo la theka la lita, madzi ake ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

"Geertje anandipatsa," anatero. "Anati tsiku lina Douwe adzaligwetsa, kapena chitsiru chidzamuthandiza. Mbewu isakhale nyumba imodzi. Anati ndisamuuze Douwe, angaone ngati samukhulupirira."

"Liti?"

"Ogasiti 2021. Asanagonekedwe komaliza."

"Ndipo mwakhala mukubwezeramo?"

"Monga anandiphunzitsira. Zosakaniza anandiuza tsiku lomwelo, pakamwa. Sindinasinthepo kanthu."

Awa anali mawu ambiri kuposa onse amene ndinamvapo kwa iwo. Ndinaganiza za mayi amene akudziwa kuti watsala ndi milungu yochepa, n'kukhala pansi kuwerengera ngozi zimene mwamuna wake adzakumane nazo iye kulibe, mpaka kuona ndi Sjoerd yemwe. Pa apolisi onse amene ndagwira nawo ntchito, ndi ochepa amene amaona patali chotero.

"Tiyeni tikawapatse limodzi," ndinatero.

"Pitani nokha."

"Chifukwa?"

"Mawa ndili panyanja," anatero, n'kundipatsira botolo m'manja.

*

Lachinayi m'mawa ndinakoka chingwe chija. A Tolsma anali patebulo. Paketi inali itatsegulidwa, ndudu imodzi itasololedwa theka, koma yosayatsa.

"Sjoerd anabwera," anatero. "Analira ngati mwana. Ndinamuuza kuti atuluke, ndipo akokere chitseko. Usamumange. Kukhala Sjoerd ndi chilango chokwanira."

Ndinaika botolo patebulo n'kufotokoza zonse mmene a Roorda anandiuzira, mwezi ndi chaka chomwe. Iwo anamvetsera osaphethira. Kenako anatsegula, ananunkhiza, ndipo maso awo anadzaza misozi.

"Mkazi ameneyu," anatero. "Mkazi ameneyu, iwe."

Anatsuka kathanki ka ndudu yawo yamagetsi, anathiramo mosamala, n'kudikira kuti thonje linyowe. Anakoka, anasunga nthunzi m'kamwa atatsinzina, n'kuitulutsa pang'onopang'ono. Mapewa awo anatsika. Ndinaganiza kuti ntchito yanga yatha, moti ndinayamba kufuna magolovesi.

Kenako anatsegula maso, akuyendetsa lilime m'kamwa.

"Wati anamupatsa liti?"

"Ogasiti 2021."

"Ndi zosakaniza zomwe?"

"Tsiku lomwelo. Akuti sanasinthepo kanthu."

"Muli sinamoni umu."

"Ndiye kuti si a Geertje?"

"Ndi ake enieni. Ake oyamba. Ankathiramo sinamoni pang'ono, kumapeto kwa lilime. Koma ankanditsokomoletsa, ndiye anamuchotsa titangobwera ku ukwati wa mwana wathu. Kuyambira pamenepo sanagulenso, ndipo sanamutchulenso. Akanaphunzitsa munthu mu 2021, sakanamuuza za sinamoni."

"Ukwatiwo unali liti?"

"Meyi 2018."

Anaika ndudu yamagetsi patebulo, n'kuikankhira kutali pang'ono ndi chala chimodzi.

"Baukje anapempha kawiri, anamukaniza. Mng'ono wake weniweni anamukaniza. Nthawi imeneyo Geertje anali wamphamvu ngati hatchi, za imfa panalibe. Ype anali asanayambe n'komwe kubwera kuno Lachinayi. Ine ndinkadziwa kuti iye ndi mkazi wanga sadziwana."

"Bambo Tolsma, madziwo ndi abwino. Akusungani mpaka anu akhwime."

"Ndi abwino kwambiri," iwo anatero. "Ndiye vuto lake."

A Roorda anati Ogasiti 2021. Lilime la a Tolsma likuti isanafike Meyi 2018. Pakati pake pali zaka zitatu ndi miyezi itatu zimene palibe wandifotokozera. Sitima ya a Roorda inali itanyamuka kale, ndipo mmene ndinkatuluka m'nyumbamo, a Tolsma anali asanakokenso kachiwiri.